Benchi ya Olangidwa ku San Luis

Sabata yomaliza imene a Anacleto Zamarripa anagwira ntchito yathunthu, analandira mapeso 4,200. Anali atachoka ku San Luis Potosí kukafika ku Nuevo Laredo ndi kubwerako, kenaka ku Querétaro, kenakanso ku Monterrey, osagona pa bedi la kwawo ngakhale kamodzi. Munthu wosadziwa za ntchitoyi, akanati awerengetse mtunda wonsewo pa mapeso awiri pa kilomita monga kampani imalonjezera pa zikwangwani zake, akanapeza ndalama yoposa pamenepo kutali. Koma kampani ili ndi masamu akeake. Kilomita imene imalipidwa yonse ndi yokhayo imene lole yayenda itasenza katundu. Ikamabwerera yopanda kanthu dalaivala amalandira theka, ngati kuti tulo timachepa kapena msana umasiya kupweteka ngolo ikapepuka. Maola odikira pa chipata cha fakitale, ngakhale atakwana masiku awiri, sawerengedwa n'komwe. Ndiye pali dizilo. A mu ofesi anakhazikitsa okha mtunda umene lita imodzi iyenera kuyenda, ndipo injini ikamwa kuposa pamenepo, kaya chifukwa cha mphepo, chitunda kapena kulemera kwa katundu amene iwo omwewo anapakiza, amadula m'thumba la woyendetsa. N'chifukwa chake m'mwezi wotentha wa Meyi mumaona amuna akuluakulu atagona pa makatoni kunsi kwa malole awo, kuopa kuliza injini kuti m'kati muzizire.

A Anacleto, amene anzawo onse pa msewu amangowatchula kuti Don Cleto, anabadwira ku Matehuala, m'mphepete mwa msewu waukulu wopita kumpoto, kumene bambo awo ankamata matayala. Anakula akununkhiza mphira wopsa. Ntchito yoyamba anaigwira kwa munthu wina wa malole atatu, amene ankalipira mochedwa koma ankadziwa dzina la mkazi wa dalaivala aliyense, ndipo pa maliro ankabwera yekha n'kunyamula nawo bokosi. Akuba atamulanda malole awiri m'chaka chimodzi pa msewu wa ku Puebla, bizinesi ya munthuyo inagwa osadzukanso. Apo m'pamene Don Cleto analowa kampani yaikulu ija, ya malole oposa chikwi, onse oyera mbee ndi mzere wobiriwira m'mbali. Chinawakopa chinali malole atsopano osafera panjira, komanso khadi la kuchipatala la iwo ndi akazi awo, a Herlinda, amene ali ndi matenda a shuga. Pamene mavuto awo ankayamba, anali atagwira kumeneko zaka khumi ndi zinayi ndi miyezi isanu ndi itatu. Miyeziyi n'njofunika kuitchula, chifukwa wantchito wosiya yekha ntchito amalandira ndalama ya zaka zimene watumikira pokhapokha atakwanitsa zaka khumi ndi zisanu. Don Cleto ankazidziwa zimenezi. A mu ofesi ankazidziwanso, mwinanso kuposa iwo.

Pa khoma la chipinda chodikiriramo madalaivala pali chithunzi chachikulu cha mwamuna womwetulira, wa malaya ositidwa bwino, amene palibe anamuonapo akuyendetsa lole. Pansi pake panalembedwa kuti madalaivala asanu ndi anayi mwa khumi aliwonse ndi okhutira ndi kampani yawo. Chiwerengerocho si chabodza ayi. Pakapita miyezi itatu iliyonse, pa foni ya dalaivala pamabwera tinkhope titatu, kosekerera, kongoyang'ana ndi kokwiya, kuti adine kamodzi. Amati yankho ndi lachinsinsi, koma uthengawo umabwera pa nambala ya munthu, ndipo owerenga mayankho amadyera pa tebulo limodzi ndi ogawa maulendo. Munthu wa ana sadina nkhope yokwiya. Motero kampani imafunsa galu womangidwa ngati akukonda chingwe, n'kukalengeza kwa makasitomala kuti wagwedeza mchira.

Mlandu wa Don Cleto unayamba Lolemba lina m'mawa. Anawapatsa ngolo ziwiri zolumikizana, zodzaza matailosi opita ku Monterrey. Monga mwa chizolowezi chawo, anayala katoni pansi n'kulowa chagada kunsi kwa ngolo asanalize injini. Pa ngolo yakumbuyo anapeza kuti paipi ya mpweya wa mabuleki yapindidwa n'kumangidwa ndi waya. Ndi mmene amakaniko amachitira chitsulo chikasowa: paipi yothawitsa mpweya amaitseka, phokoso limatha, koma matayala a pamenepo amangogubuduka opanda chowagwira. Anatuluka, anadzikutumula fumbi, n'kulunjika pa windo la Fabricio Urquidi, mnyamata wogawa maulendo. Fabricio sanabadwe woipa mtima. Naye anali ndi wina pamwamba pake womuwerengera malole otuluka pa chipata, koma galu wa mfumu ndi mfumu ya agalu.

"Bwana, ngolo yakumbuyo ija ilibe mabuleki pa matayala ena," anatero Don Cleto. "Angomanga waya. Matailosi ndi olemera, ndipo kutsogoloku kuli mtsetse wa Los Chorros."

"Don Cleto, mwayambatu," anayankha Fabricio, maso ali pa kompyuta. "Matayala onse ali pamenepo, ochepa okhawo ndiye akulizeni? Chitsulo chake tinaitanitsa, chibwera. Kasitomala akufuna katundu wake mawa."

"Ndipatseni ngolo ina."

"Ili m'thumba mwangamu kapena? Tsikani ndi giya pang'onopang'ono, monga mmene mumadzitamira kwa anyamata kuti mumachitira. Kapena ukalamba wafika m'mawondo?"

"M'mawondo mulibe kanthu, mwana iwe. Koma kunsi kwa mtsetse uja kumakhala mdipiti wa magalimoto a anthu, ena ali ndi ana kumbuyo. Ine imeneyo sinditenga."

"Ndiye mwakana ntchito?"

"Ndakana ngolo."

Apo Fabricio anadzutsa maso koyamba. "Chabwino. Siyani makiyi apa, mukapume kaye panja. Tikuitanani."

Aliyense pa bwalo lija amadziwa tanthauzo la mawu akuti tikuitanani. Kuseri kwa galaja kuli kadenga ka malata ndi benchi ya chitsulo, imene madalaivala amaitcha benchi ya olangidwa. Munthu sachotsedwa ntchito, pakuti kumuchotsa popanda chifukwa kumafuna kuti alipidwe. Amangomumana ulendo. Ndipo popeza malipiro ake ali pa kilomita, wosayenda sadya. Kandalama kochepa ka tsiku ndi tsiku kamene kanalembedwa pa pangano kamathera m'madulidwe a dizilo wakale ndi tayala lophulika chaka chatha. Komabe ayenera kubwera m'mawa uliwonse, kudinda chala pa makina a pa chipata, kukhala mpaka madzulo, n'kudindanso potuluka, chifukwa wojomba masiku oposa atatu m'mwezi umodzi amachotsedwa wopanda ndi kakobiri komwe. Palibe womutukwana, palibe womumenya. Amangomusiya pa dzuwa kuti njala imulembere yokha kalata yosiya ntchito. Amene anatulukira njira imeneyi ayenera kuti ndi munthu wophunzira, wopemphera Lamulungu lililonse, wosakhetsapo mwazi ndi manja ake.

Ngolo ija anaitenga a Gumaro Lucio, kompadre wawo wa Don Cleto, amene anawanyamulira mwana wawo wamkazi pa ubatizo. Lachitatu anabwerako ali bwinobwino, ndipo anadza pa benchi atanyamula kapepala ka mabanzi.

"Kompadre, musandiyang'ane choncho," anatero a Gumaro akukhala pansi. "Ndinatsika ngati nkhono, pakamwa pali Mariya Woyera, thukuta mpaka m'masokosi. Koma ndafika."

"Tithokoze Mulungu kuti mwafika."

"Mukuyesa waya uja sindinauone? Ndinauona. Koma ana anga sadya mabuleki. Inu pitani mukapepese basi. Munthu umagwada, n'kudzuka, n'kupukuta mawondo."

"Ndikapepese chiyani, kompadre?"

"Chilichonse! Mukati munadzuka ndi mutu. Kamnyamata kaja kamangofuna kuona chipewa chanu chili m'manja."

Don Cleto anatenga banzi n'kuyamba kutafuna. Pochoka, a Gumaro anawalowetsera ndalama ya pepala m'thumba la malaya, n'kufulumira kuchoka asanabwezeredwe.

Kufika bwino kwa a Gumaro kunasanduka umboni wotsutsa Don Cleto. Izi n'zimene zimapsetsa mtima kwambiri pa ntchito imeneyi: ngozi ikachitika, wolakwa ndi dalaivala amene anavomera ngolo yoipa, ikapanda kuchitika, wolakwa ndi dalaivala amene anaikana. Kampani siluza mbali iliyonse. Tsono anzawo a pa bwalo, amene aliyense wa iwo anatsikapo mtsetse womwewo mtima uli m'mwamba, anapeza choseketsa.

"Don Cleto, benchi imeneyo mwaisuzumira kunsi? Mabuleki ake ali bwino?"

"Asiyeni akuluakulu, anakwezedwa pa ntchito! Masiku ano ndi oyang'anira mthunzi."

"Mdala, mwapanga makilomita angati lero? Musathamange kwambiri, apolisi ali pa kona!"

"Pita iwe, ukagone m'ngalande," ankayankha Don Cleto, nthawi zina akuseka nawo. Ankadziwa kuti kuseka kwawo n'kwa mantha, pakuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ena mwa onyozawo ndi omwe ankawasiyira botolo la madzi ozizira podutsa.

Kunyumba, ku Soledad, a Herlinda ndiwo anali olimba mtima poyamba. Amadzuka kusanache kuphika matamale, timitanda ta ufa wa chimanga tokulunga m'makoko, okagulitsa pa chipata cha fakitale ina, ndipo anati poto wawo awasenza onse awiri.

"Miyezi inayi si zaka, mdala," anatero akuika matotiya, timikate topyapyala ta chimanga, ndi nyemba pa tebulo. "Zaka zonsezi ndakhala ngati wamasiye mwamuna ali moyo. Ana anakula akukudziwani pa foni. Ndiye lero muwasiyire anthu amenewa ndalama yanu? Khalani pa benchipo mpaka iphuke maluwa."

Sabata yachitatu Don Cleto anaitanidwa, osati pa windo la maulendo, koma m'chipinda chozizira cha mayi woona za antchito. Mayiyo anawapatsa mpando, anawafunsa za umoyo wa kunyumba, kenaka anawakankhira pepala losiya ntchito mwa kufuna kwawo, ndi lonjezo la mapeso 15,000 tsiku lomwelo. Ndalama imene akanalandira atakwanitsa zaka zawo inali pafupifupi 90,000.

"Tikungofuna kukuthandizani, Don Cleto," anatero mayiyo mokoma. "Maulendo achepa masiku ano, ndipo sitikudziwa kuti zisintha liti. Si bwino munthu wamkulu ngati inu kumangokhala pa dzuwa."

Pa windo la chipindacho pankaoneka malole akutuluka motsatizana ngati nyerere.

"Mayi, dzuwa ndinalizolowera," anayankha Don Cleto, n'kubweza pepalalo ndi chala chimodzi.

Masana omwewo, ali pa benchi, foni yawo inalira. Tinali tinkhope titatu tija, tikufunsa ngati ali okhutira ndi kampani yawo. Anayang'ana kanthawi, kenaka kwa nthawi yoyamba m'zaka zonsezo anadina kokwiya. Foni inawayankha kuti zikomo, maganizo anu ndi amtengo wapatali kwa ife.

Koma mkwiyo sulipira magetsi. Mwezi utatha, poto wa matamale unayamba kulephera. Nyama inachoka pa tebulo, kenaka mazira. A Herlinda, amene ankadumpha chakudya mobisa kuti amuna awo apite ndi kamba ku benchi, anagwa m'mawa wina pafupi ndi moto, shuga atatsika. Don Cleto anathamanga nawo kuchipatala n'kukhala nawo tsiku lonse. M'mawa mwake anapita ndi kapepala ka dokotala ku ofesi, koma anauzidwa kuti kapepalako n'ka akazi awo, osati kawo, choncho tsikulo lalembedwa kuti anajomba. Linali loyamba.

Masiku omwewo anzawo oyandikana nawo nyumba, a Nicanor Esparza, anali chigonere atachitidwa opaleshoni ya pamimba. A Nicanor anali ndi lole imodzi yokha, yakalekale, imene inkadyetsa banja lawo lonse, ndipo anali atalonjeza kale kukatula makatoni a sopo ku nkhokwe ya masitolo aakulu ku Guadalajara. Anatumiza mawu kuti ngati Don Cleto angawathandize, awapatsa mapeso 2,500. Nthawi yotsitsa katundu inali Lamulungu m'mawa.

"Mapanga awiri avumbwitsa, mdala," anatero a Herlinda. "Mwajomba kale limodzi."

"Ku Guadalajara ndi pakhomo, mayi. Ndikadinda chala Loweruka masana, ndinyamuka, dzuwa likamalowa ndafika. Lamulungu nditsitsa, madzulo ndidzadya pano. Lolemba m'mawa ndili pa benchi yanga ngati mwana wa sukulu."

"Nanga akakakuchedwetsani?"

"Makatoni a sopo? Amenewo n'kanthu? Ndiye tidya chiyani sabata ya mawa, fungo la matamale?"

Apa m'pamene Don Cleto analakwa, ndipo ndi kulakwa kumene munthu wa ntchito ina sangachite. Zaka makumi atatu anthu akuwalipira pa kilomita zinawaphunzitsa kuyeza ulendo ndi kutalika kwa msewu basi. Masiku onse amene anawataya pa zipata za mafakitale sanalembedwe paliponse, sanalipidwe, ndipo pang'onopang'ono iwo eni anazolowera kusawawerenga. Chimene bwana wakana kuchiwerenga kwa nthawi yaitali, wantchito naye amafika pochiiwala.

Komabe ulendo wopita unali wokoma. Lole ya a Nicanor inkalira ngati chigayo, mpando wake unali wong'ambika, koma munalibe kamera yoyang'ana dalaivala m'maso kapena kabokosi kouza a mu ofesi kuti waima kukataya madzi. Atadutsa Lagos de Moreno anatsitsa galasi, mphepo inawaomba kumaso, ndipo anadzipeza akuimba. Msana umene unkawawa pa benchi unaleka kuwawa.

Lamulungu m'mawa anafika pa chipata cha nkhokwe nthawi isanakwane. Mlonda anayang'ana mapepala, analowa m'kanyumba kake, n'kubwerako akupukusa mutu.

"Nambala yanu sikuoneka, akulu. Makina anavuta dzulo, ndiye onse a Lamulungu tawakankhira mawa. Kaimeni pa mzere kunjako."

"Achimwene, ine mawa ndiyenera kukhala ku San Luis."

"Aliyense pano ayenera kukhala kwinakwake, akulu. Taonani mzerewo."

Mzerewo unali utazungulira mpanda wonse, m'kamsewu ka fumbi kopanda chimbudzi kapena mpopi. Mayi wina ankagulitsa khofi ndi chakudya pa ngolo ya manja, ndipo ndiye anawauza Don Cleto kuti asayerekeze kusiya lole payokha, chifukwa kumeneko anyamata amachotsa batire ndi matayala munthu akangopita kukagula fodya, ndipo sabata yapitayo lole ina inasowa yonse ndi katundu yemwe.

Lolemba linacha, linapita. Malole a makampani aakulu, kuphatikizapo oyera a mzere wobiriwira, ankalowera pa chipata chawochawo osaima, chifukwa eni ake ali ndi mapangano olipiritsa nkhokwe ikawachedwetsa. A lole imodziimodzi ankasendera kutalika kwa galimoto imodzi pa maola angapo. Don Cleto ankatsitsa chipewa kumaso lole yoyera ikamadutsa. Limenelo linali tsiku lachiwiri lojomba.

Lachiwiri m'mawa anaimbira Fabricio kupempha kuti masikuwo awachotse pa tchuthi chawo.

"Tchuthi amapempha nthawi isanakwane, Don Cleto, inu mukudziwa," anatero mnyamatayo. "Muli kuti kodi? Ndikumva malole kumbuyoko."

Don Cleto anadula foni. Masana a Herlinda anaimba.

"Mdala, lero ndi tsiku lachitatu lojomba. Mukajomba mawa, zatha. Isiyeni loleyo, kwerani basi, mufika usiku uno. Ndikukupemphani."

"Ndiisiyire ndani, mayi?"

"Kaya ndani! Mlonda, mayi wa khofi, satana amene! Kodi a Nicanor ndi amene anakhala pa benchi paja? Ndi amene anadya matotiya ndi mchere?"

"Ikabedwa, adya chiyani iwowo? Ilibe inshuwalansi ya akuba. Ndipo katunduyu adzawalipiritsa mpaka kugulitsa nyumba."

"Nanga ife?"

Don Cleto anayesa njira zonse. A Gumaro anali kutali, pa mzere wina ku malire a Nuevo Laredo. Madalaivala a pa mzerewo aliyense anali womangika pa lole yake. Anapempha mlonda, anamupatsa ya khofi, mlondayo analandira n'kunena kuti ayesetsa. Potsiriza anaimbira a Nicanor eni ake, akuyembekeza mwina kuti awalamula kukhala, kuti mlandu ukhale wa wina. Koma a Nicanor anayankha ndi mawu ofooka a munthu wodwala.

"Achimwene, ndakuikani m'mavuto. Chitani chimene mukuona kuti n'chabwino. Ine sindidzakudandaulani."

Mawu amenewo ndiwo anawamanga kuposa unyolo. Madzulo anayenda mpaka pa mphambano pamene pamadutsa mabasi opita ku siteshoni, chikwama chili pa phewa. Basi inabwera, inaima, kondakitala anawakodola. Don Cleto anacheuka n'kuona lole yakale ija ili pa mzere, chitseko chake chomangidwa ndi chingwe, ndi anyamata awiri atakhala pa mpanda akuiyang'ana. Anapukusa mutu, basi inapita. Anabwerera, anatsegula chitseko, n'kukhala pa chiwongolero.

Anawatsitsira katundu Lachitatu dzuwa litapendeka. Ntchito yonse yotsitsa sinathe ndi ola limodzi lomwe.

Lachinayi m'mawa anafika pa chipata cha kampani atavala malaya ochapa. Anaika chala pa makina, makinawo anayatsa kofiira. Anapukuta chalacho pa thalauza n'kuyesanso. Mlonda wa pa chipata, amene anadya naye mabanzi kangapo, anatuluka atanyamula jumbo lakuda mmene munali bulangete lawo, kapu, kolona ndi chithunzi cha mdzukulu chimene chinkakhala pa galasi la lole.

"Pepani, Don Cleto. Andiuza kuti ndisakulowetseni."

"Ndikufuna ndionane ndi mayi aja a mu ofesi."

"Akuti palibe chokambirana. Akuti mwajomba masiku anayi."

"Nanga 15,000 ija?"

Mlondayo anayang'ana pansi. "Akuti imeneyo inali ya munthu wosiya yekha."

Don Cleto sanakuwe. Anaima pamenepo kanthawi, jumbo lili m'manja, malole akuwalambalala potuluka, ena akuwalizira hutala mofatsa. Kunatsala miyezi iwiri ndi theka kuti zaka zawo zikwane. Ngati pali wina amene anatukwana tsiku limenelo anali a Herlinda, amene anapita okha pa chipatapo masana, atavala epuloni ya matamale, n'kutchula Fabricio, mayi wa mu ofesi ndi mwamuna wa pa chithunzi uja mayina amene sangalembedwe pano, mpaka alonda anawagwira mikono.

Pali anthu amene amati Don Cleto anadziputira okha tsoka. Amati akanapepesa, kapena akanalandira zochepazo, kapena akanakwera basi ija. Anthu otere amaiwala kufunsa kuti anayamba ndani kumanga waya pa paipi ya mabuleki, ndiponso kuti ndi chilungamo cha mtundu wanji chimene chimawerenga masiku anayi a munthu wosauka mosaphonya, chikulephera kuwerenga masabata asanu ndi limodzi amene munthu yemweyo anabwera pa ntchito m'mawa uliwonse n'kumanidwa ntchitoyo mwadala.

Lero Don Cleto akuyendetsa lole ya kampani ina yaikulu, ya malole ofiira. Anawalandira msanga, pakuti makampani onsewa amalira tsiku ndi tsiku kuti madalaivala akusowa, ndipo sadziwa chifukwa chake. Malipiro ndi omwewo, masamu a dizilo ndi omwewo, ndipo zaka zawo zayambira pa chiyambi, ali ndi zaka makumi asanu ndi ziwiri. Mlandu anakausuma ku ofesi ya za antchito. Tsiku loyamba loya wa kampani sanabwere. Tsiku lachiwiri iwo eni anali pa mzere ku Reynosa, ndipo anaopa kujomba pa ntchito yatsopano. Awapatsa tsiku lina chaka chikamatha.

Nawo a Nicanor anachira, akuyenda ndi ndodo. Amati akakumana ndi Don Cleto pa msewu amavula chipewa n'kuyamba kufotokoza, Don Cleto n'kumawaletsa. Nkhokwe ya ku Guadalajara imalipira eni malole ang'onoang'ono pakapita miyezi itatu, ndipo pa ulendo ujawu yati idula ndalama ina chifukwa katundu analowa mochedwa. Mapeso 2,500 aja sanafikebe m'manja mwa a Herlinda.